Mizere ya a Kamtedza pa Denga la Yunivesite

Pa anthu onse akwathu amene tinkapemphera limodzi ku Lanham zaka zimenezo, amene ankakwera padenga tsiku ndi tsiku anali a Foster Kamtedza okha. Enafe ntchito zathu zinali zapansi: kusambitsa okalamba, kusintha zofunda, kukankha njinga za odwala m'makonde osatha. Iwo ayi. Mukawafunsa pakhomo la tchalitchi kuti, "Ntchito ikuyenda bwanji, bambo Kamtedza?" ankayamba ayang'ana kumwamba, ngati yankho analiiwala komweko, kenako n'kunena kuti, "Tikuona mitambo."

Anali munthu wamtali, woonda, wa ku Ntcheu, kumapiri kuja kumene munda umakhala chopendekeka moti ukagwetsa dzungu umakalitola kwa aneba. Ku Amereka anafika mu 1991, kutsatira akazi awo a Callista, omwe anali atapeza kale ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Wheaton. A Callista ndi amene amasimba kuti amuna awowo potsika ndege anali ndi jekete limodzi, Baibulo, ndi khasu lopanda mpini lokulungidwa m'chitenje. Khasulo linakagona pansi pa bedi, m'nyumba yosanja, nsanjika yachitatu, momwe ngakhale maluwa a pawindo anali apulasitiki. Loweruka lina lililonse a Foster ankalitulutsa, kulipaka mafuta ophikira kuti lisachite dzimbiri, n'kulibwezera. Ana awo awiri, Pemphero ndi mng'ono wake, ankawafunsa m'Chingerezi kuti chitsulocho n'chachiyani. Bambo ankayankha m'Chichewa, ana n'kugwedeza mitu, nkhani n'kuthera pomwepo.

Ntchito anaipeza pa yunivesite ina yaikulu chakufupi ndi kwathu, kunyumba yophunzitsira zaulimi. Musafulumire kusangalala. Ulimi wawo unali wokolopa makonde. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu wa ku Ntcheu anakankha mopu pansi pa zithunzi za chimanga, osakhudza ndi phesi limodzi lomwe.

Kenako kunabwera mayi Gwendoline, mtsikana wachizungu wa tsitsi lofiira, amene ankachita kafukufuku woti amupatse udokotala wa m'mabuku. Nkhani yake inali ya madzi a mvula. M'mizinda ya kuno mvula ikagwa imasowa polowa: pamwamba denga, pansi phula, pambali poimika magalimoto. Madzi onse amathamangira m'ngalande nthawi imodzi, n'kukokolola zonyansa za mumsewu mpaka kumtsinje. Ndiye anthu ophunzira anaganiza zoti adzale zomera padenga penipenipo, kuti denga lizimwako madzi. Mayi Gweni, monga tonse tinkawatchulira ngakhale ambirife sitinawaonepo, ankafuna kudziwa kuti ndi dothi liti ndi chomera chiti chomwe chimagwira madzi ambiri. Anafuna munthu wosaopa makwerero, ndipo a Foster anatsamiritsa mopu kukhoma.

Tsiku loyamba anabwera kunyumba akuseka okha. "Amayi a ana," anatero kwa a Callista, "kwathu udzu ukamera padenga anthu amati mwini nyumba ndi waulesi, kapena anamwalira. Kuno akupereka nawo digiri."

Padengapo panali mabokosi amatabwa khumi ndi awiri, lililonse kukula kwake ngati chitseko, opendekeka pang'ono. Chomwe ankachitcha dothi m'mabokosimo a Foster anakana kuchitcha dothi mpaka lero: njerwa zoswaswa, timiyala towotcha topepuka ngati makala, ndi manyowa ongonunkhiza. Kuya kwake zala zinayi basi, chifukwa denga silifuna katundu wolemera. Zomera zake ankati sedamu, timasamba tonenepa ngati zala za khanda, tosadyedwa ndi munthu, mwina ndi mbuzi yomwe. Bokosi lililonse linali ndi paipi yake yotsikira mu mgolo wake. Ntchito ya a Foster inali yakuti mvula ikakata aviike ndodo yoyezera mu mgolo uliwonse, alembe nambala m'buku, akhuthule madziwo kuti mgolo udikire mvula ina.

Malamulo anali atatu: osathirira, osathira manyowa, osakhudza. Koma asanatchule malamulowo, mayi Gweni anali atanena mawu ena, ali chiimire pakati pa mabokosi, mphepo ikuwauluza tsitsi: "A Foster, cholinga chathu n'chakuti madzi asathawe." Malamulo atatu aja analowa m'khutu. Mawu awa analowa mumtima.

Denga limenelo linawasintha munthu. Ankati ukaima pamenepo mzinda umamira m'mitengo, misewu siioneka, phokoso limafika lotopa ngati la mtsinje wakutali. Dzuwa likapendeka mitambo inkaunjikana kumadzulo, ndipo iwo ankaiika mayina a mapiri akwawo. Uwo ndi Chirobwe, ankatero, taonani paphewa pake paja. M'munsi mwa Chirobwe wa mitamboyo ankaona njira yotsikira kudimba, mbuzi za malume awo, ndi utsi wa anthu otentha mapesi. Ndege zikadutsa ankazipatsa moni, kuti mwina ina ikupita kufupi. Chakudya chamasana ankadyera pomwepo, atavula nsapato, mapazi ali pa konkire yofunda.

Mvula ankaimva isanafike. Wailesi inene kuti lero kuli ngwee, iwo n'kununkhiza mphepo, kuyang'ana mmene mbalame zikuulukira, n'kuyamba kukhuthula migolo. "Ifika cha m'ma fili koloko, madamu." Mayi Gweni anaseka kawiri. Kachitatu anabwera ndi ambulera.

Panali chinthu chimodzi chokha chowawawa: bokosi la nambala seveni. Limeneli linali ndi timiyala tokhatokha, manyowa pafupifupi zii. Mvula ikangoti wa, paipi yake inkayamba kulira ena onse ali chete, ndipo mgolo wake unkadzaza woyamba. A Foster ankalemba nambala yakeyo mwamanyazi, ngati kholo losainira lipoti la mwana wotsiriza m'kalasi. Kwawo kuja, munda wotaya madzi chotero mwini wake sayenda mutu uli m'mwamba. Bambo awo ankawadzutsa kusanache kuti akaunde mizere yopingasa phiri, ndi kutseka mipata yake ndi timizere tatifupi, tija amati ngonyeka, kuti dontho lililonse likhale pomwe lagwera mpaka litalowa pansi. Munthu wokula chotero mukumuuza kuti aime, aone madzi akuthawa, alembe.

Chilimwe cha 1998 kunauma. Ndiye mu Julaye mayi Gweni anagwa pa njinga n'kuthyoka mwendo. Anawakulunga pulasitala mpaka m'bondo, ndipo popeza padenga pankakwereka ndi makwerero achitsulo okha, anakhala mu ofesi yapansi miyezi iwiri, kumangolandira buku. Kumwamba kunatsala a Foster, dzuwa, ndi bokosi la seveni, lomwe timasamba take tinafiira n'kuyamba kukwinyika.

Zinayamba ndi botolo limodzi la madzi. Iwo amati sanathirire, anangomwetsa. Mawa lake anadzera kukhola la ng'ombe za yunivesite, n'kutapako manyowa pang'ono m'pepala lomwe anakulungira buledi. Mkuja analowetsa dothi lenileni, lakuda, la kuseri kwa kholalo, m'chikwama chawo cha kuntchito. Tsiku ndi tsiku chikwama chinkakwera cholemera n'kutsika chopepuka. A Callista anadabwa kuti supuni yawo yaikulu yapita kuti. Inali padenga, ikuunda mizere. Mizere isanu yopingasa, yowongoka bwino, yokhala ndi ngonyeka zake, yaing'ono ngati ya ana amasanje koma yosachititsa manyazi mwana wa Kamtedza. Sedamu uja anamusamutsira m'mphepete mwaulemu, osataya ndi mmodzi yemwe.

Tsono mzere wopanda mbewu ndani angauyang'ane masiku awiri? M'kabati mwa a Callista munali envulopu ya nthangala za maungu yomwe mng'ono wawo anatumiza kuchokera ku Balaka. Anadzala mapando atatu.

Lamulungu lina kumapeto kwa Ogasiti, pa chakudya cha pambuyo pa mapemphero, a Callista anavundukula mbale, holo yonse n'kutembenukira komweko. Nkhwani. Wotendera. Osati wouma wa m'sutikesi, wa fungo la sopo, koma wamuwisi, wothyoledwa dzulo. Amayi ena anagwetsa misozi. Inenso ndinadyako, ndivomere, ndipo ndinabwereza, choncho pa mlandu umenewu sindine woyera.

"Mwaupeza kuti, amayi a Pemphero?" tinafunsa.

"Bambo akudziwa," anatero a Callista.

Tinatembenukira kwa bambowo. Anayang'ana kudenga la holo. "Wachokera kumwamba," anatero, ndipo abusa anati ameni.

Mvula inabwerera. A Foster ankaviika ndodo mu mgolo wa seveni, ndodo n'kutuluka youma. Ankalemba zoona zokhazokha, pakuti bodza la m'buku sankalidziwa. Pansi paja mayi Gweni anayamba kulitembenuzatembenuza bukulo. Bokosi lomwe linali lotsiriza kwa chaka chathunthu tsopano linali patsogolo pa onse. Anaganiza kuti mwina mizu ya sedamu yakhwima, mwina timiyala tija tili ndi chinsinsi chomwe ngakhale amene anayambitsa zimenezi kutsidya kwa nyanja sanachione. Pakati pa Seputembala kunagwa chimvula cha tsiku lonse, migolo ina mpaka kusefukira, wa seveni osafika ndi theka lomwe. Mayi Gweni anawagwira a Foster dzanja ndi manja awiri.

"Pulasitala akuchotsa Lachisanu," anatero, maso akuwala. "Lolemba ndikwera ndi aphunzitsi anga aakulu, ndi kamera. Simukudziwa chimene mwandilembera m'bukumu."

Apa m'pamene a Foster anayamba kuzindikira kuti akudziwa bwino lomwe.

Lamulungu masana anaitana a Mac, mnzawo wa ku Lusaka woyendetsa takisi, munthu amene sasowa nzeru ngakhale pamene sizikufunika. Anakhala pa tebulo atatu ndi a Callista, ndipo a Foster anaulula zonse, kuyambira botolo mpaka supuni.

"Supuni yanga!" anatero a Callista. "Ine kumanamizira ana!"

"Ba Foster, imwe," anatero a Mac, akupukusa mutu, "muzungu anakuuzani kuti osagwira, imwe mwamulimira na munda? Manje mverani. Mailo Lolemba, kuseniseni kusanache, mukwere, muzule vonse, musalaze bwinobwino, mubwezepo tumiyala twake. Akabwera muziti ni mphamvu ya Mulungu chabe. Kiyi ikhala yanu, denga ikhala yanu."

"Nanga mtsikanayo akakaimirira pamaso pa anthu ndi nambala zimenezo?" anafunsa a Foster.

"Nambala ni nambala, mudala. Munanama? Simunaname."

A Foster anayang'ana akazi awo. A Callista anapinda manja. "Ine sindinakwere ndege kuti ndidzakhale mkazi wa munthu wachinyengo," anatero. "Komanso sindinakwere ndege kuti ndidzakhale mkazi wa lova. Musankhe nokha, bambo a Pemphero. Koma supuni ibwere."

Lolemba a Foster anakwera basi yoyamba, ndipo amavomera okha kuti anapita ndi nzeru za a Mac. Anatenga thumba lotayira zinyalala. Dzuwa linali likungotuluka, nkhungu itagona pamitengo ngati mmene imagonera m'chigwa cha kwawo mwezi wa Juni. Anafika pa bokosi la seveni, n'kugwada, n'kutambasula dzanja.

Dzungu linali litachita maluwa. Atatu, achikasu, otseguka kumene, mame ali m'kati. M'duwa limodzi munali njuchi, itakwera nsanjika zonsezo ndani akudziwa kuchokera kuti, ili mbuu ndi ufa wachikasu. Pansi pa tsamba lina panabisala kadzungu kakang'ono ngati dzira la nkhunda.

Kwawo kuja munthu sagumula mzere mbewu ili pa maluwa. Angachite zimenezo ndi wamisala, kapena mdani wobwera mobisa. A Foster anakhala pansi, anavula nsapato, thumba lili pambali. Anayang'ana njuchi ija ikutuluka, ikulowa duwa lina. Akuti anaona bambo awo ataima kumapeto kwa mzere, khasu paphewa, akungoyeza ndi maso ngati mizere yawongoka. Anali adakali pomwepo pamene makwerero anayamba kulira.

Anayamba kutulukira mayi Gweni, akutsimphina, kenako aphunzitsi awo, bambo wadazi wonenepa, akupuma ngati wathamangitsidwa. Anayenda kudutsa mabokosi asanu ndi limodzi a timasamba tofiirira. Pa lachisanu ndi chiwiri anaima. Masamba aakulu ngati mbale anali atasefukira m'bokosi, mphukira ina itagwira paipi, ina ikulowera kwa nambala eyiti.

Kamera sinajambule kanthu.

"A Foster," anatero mayi Gweni, mawu ali pansipansi, "ichi n'chiyani?"

Anaimirira, opanda nsapato, chipewa m'manja. "Ndi munda, madamu. Ndinaunda ndine. Munati madzi asathawe. Sakuthawa."

"Kuyambira liti?"

"Sabata yomwe munathyoka mwendo."

Mayi Gweni anakhala pamphepete pa bokosi la sikisi n'kubisa nkhope m'manja. Mapewa ankagwedezeka, ndipo mpaka lero a Foster sadziwa ngati kunali kulira kapena kuseka. A Callista amati zinali zonse ziwiri. Aphunzitsi aja anasuzumira mu mgolo, anatunga timadzi totsalira m'kapu, n'kutiyang'anitsa padzuwa. Tinali tofiirira ngati tiyi, chifukwa cha manyowa a ng'ombe. Anati madzi otere ndi omwe safunika kumtsinje. Anapondaponda denga pafupi ndi bokosilo, n'kufunsa kuti dothi limeneli likanyowa limalemera bwanji, nkhope yawo n'kusintha.

"Chaka ndi miyezi," anatero mayi Gweni, atapukuta m'maso. "Bokosi limeneli ndimafuna ndidziwe mmene limatayira madzi, a Foster. Lolephera nalonso limandiuza kanthu."

"Ndiye mumafuna lizilephera?"

"Ndimafuna ndidziwe ngati likulephera."

A Foster anaganiza kaye. "Pepani kwambiri, madamu. Ndakuonongerani. Kungoti kwathu tikaona munda ukulephera sitiima n'kumalemba."

Ntchito sanawachotse, poti mayi Gweni anawapepesera kwa akuluakulu. Koma kiyi wa padenga anawalanda tsiku lomwelo. Dothi lija linatsitsidwa ndi ndowa pa chingwe, ndipo anatsitsa okha. Kadzungu kaja anakaika m'thumba la jekete, kanakakhala pamwamba pa wailesi yakanema mpaka kufota. Supuni inabwerera kwa mwini wake itapindika.

Nyengo yonse yachisanu a Foster anakankha mopu pansi pa zithunzi za chimanga. Kutchalitchi tikawafunsa za ntchito ankangoti, "Ili bwino," akuyang'ana nsapato. Munthu wamtali uja anafupika tikuona. A Mac anayesa kuwanyengerera kuti ayambe takisi, iwo anati mumsewu mitambo imaoneka zidutswazidutswa.

Kumwamba kuja anaikako wophunzira wina wa magalasi, wokhulupirira wailesi. Mu Epulo wa 1999 mvula inagwa kawiri motsatizana pa masiku omwe wailesi inati kuli ngwee. Migolo inali isanakhuthulidwe, inasefukira, nambala za milungu iwiri n'kupita ndi madzi. Tsiku lachitatu mayi Gweni anawapeza a Foster pakhonde, atatsamira mopu, mphuno ili pa kawindo kotsegula.

"Ibweranso?" anafunsa.

"Mawa chakumasana, madamu. Yamphepo."

Mayi Gweni anatulutsa kiyi, koma sanamupereke. "Ndingatsimikize bwanji kuti simudzakhudzanso?"

A Foster anayang'ana manja awo, kuseri ndi kutsogolo. "Pakamwa pangathe kulonjeza," anatero. "Awa sindingawalankhulire."

Nkhaniyi anaimaliza ndi a Callista, pa foni, ali pa nthawi yopuma ku Wheaton, m'Chingerezi chawo chija chosaopa munthu. Anauza mayi Gweni kuti vuto la amuna awo si mutu, ndi manja anjala. "Mupatseni polima m'mawa, atope kaye, ndiye azikwera." Kuseri kwa khola la ng'ombe kunali kachigawo kongomera zitsamba, kukula ngati mphasa zinayi. Aphunzitsi adazi aja anavomera, akuti atamva kuti nkhwani ndi chiyani. Loweruka limenelo khasu linatuluka pansi pa bedi, ndipo a Mac anabweretsa mpini wa fosholo yothyoka, n'kuthera tsiku lonse akulangiza mmene angaukhomere.

Ndinakawaonako a Foster kamodzi mwezi wa Meyi, nditanamizira kuti ndikudutsa. Mizere ya kuseri kwa khola inali itaundidwa kale, thukuta litauma pa malaya. Anandikweza makwerero, ine ndikupemphera pa sitepe iliyonse. Kumadzulo Chirobwe wa mitambo uja anali atada bii. Bokosi la seveni analibwezeramo timiyala take tokhatokha ndi timasamba take tosadyedwa.

Mvula inatipeza pomwepo, tili pansi pa kadenga ka pamakwerero. Mabokosi onse anali chete, akumwa. Kenako paipi imodzi inayamba kulira mu mgolo, ndipo sindinafunse kuti ndi iti. A Foster analowetsa manja onse awiri m'matumba a buluku, mwakuya, mpaka zigongono kuwongoka. Anatsinzina. Anaima choncho mvula yonse, madzi akuthawa iwo akumva.

Itakata anatulutsa dzanja limodzi, anaviika ndodo, anaiyang'ana, n'kulemba nambala yaikulu ija mosamala, osachotsako kanthu. Asanapite ku mgolo wa eyiti anawerama pang'ono pa bokosilo, manja ali kumbuyo.

"Pepa, mwanawe," anatero chapansipansi. "Akuti nawenso ukuthandiza."